Musanakuwe kuti akubera data, tawerengani kaye mita yanu

M'mawa uno pa gulu la WhatsApp la kuno ku Matawale bambo wina watumiza mawu a mphindi 6 akukalipa kuti kampani ya intaneti ndi mbava. Akuti anagula 100 GB pa intaneti ya waya ya kunyumba, yatha m'masiku 9, ndiye tonse tigwirizane tikachite phokoso ku ofesi. Mayi wina wawafunsa mwaulemu kuti, "Nanga bambo, rauta yanu ikusonyeza kuti mwagwiritsa ntchito zingati?" Iwo akuti, "Kodi rauta imasonyezanso zinthu?" Apa mpamene pandikwiyitsa ine. Munthu ukufuna kusonkhanitsa dera lonse kukazenga mlandu wa kuba, chonsecho mita yako sunaiwerengepo ndi tsiku limodzi lomwe!

Bambo omwewa mayuniti a magetsi amawayang'ana kawiri pa tsiku. Akangoona kuti atsala 4, lamulo limatuluka pompo: ayironi isayake, ana akoleze mbaula. Bilu ya madzi ikabwera yokwera amapita pa mita ndi tochi, kenako nkukasuzumira m'thanki ya chimbudzi ngati ikudontha. Koma intaneti yomwe akulipira ndalama zankhaninkhani angoisiya iziyenda ngati Likangala nthawi ya dzinja, ikaphwa ndiye mfuwu. Ayi abale, tisamatero. Sindikuikira kumbuyo kampani iliyonse. Mwina amadula zochuluka, mwina makompyuta awo amalakwitsa, mwina ayi. Koma wopanda manambala alibe mlandu, ali ndi mkwiyo basi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tembenuzani rautayo muone kunsi kwake. Pali kapepala komata kolembedwa adiresi, dzina lolowera ndi pasiwedi. Adiresi nthawi zambiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, mabokosi ambiri a faiba a Huawei amakhala pa 192.168.100.1, ndipo a TP-Link amalola tplinkwifi.net. Lumikizani foni kapena laputopu ku Wi-Fi ya m'nyumbamo, tsegulani Chrome, lembani adiresiyo pamwamba. Pasiwedi yolowera m'rauta si imene mumapatsa alendo kuti alowe pa Wi-Fi, ndi ziwiri zosiyana, ndipo anthu ambiri amagwa pomwepa nkunena kuti chinthucho chakana. Mukalowa funani pamene palembedwa Statistics, Traffic Statistics, Traffic Meter kapena WAN Status. Ngati m'nyumba muli mabokosi awiri, lina lolandira chingwe chochokera panja ndi lina lomwaza Wi-Fi, werengani manambala a WAN, chifukwa ndiwo khomo lotulukira kunja. A LAN amawerenganso zimene zida zanu zikupatsana m'nyumba momwemo, zomwe kampani sizikuikhudza.

Mupeza manambala awiri, la zolowa ndi la zotuluka, Received ndi Sent. Phatikizani onse awiri. Ambiri amangoyang'ana zolowa, kuiwala kuti makampani ambiri amawerenga ndi zotuluka zomwe. Nambala ikakhala yaitali ngati ya foni musachite mantha, ili m'ma byte. Dulani manambala 9 a kumapeto, chotsalacho ndiwo ma GB anu. Mukaona 37,412,905,118 ndiye kuti ndi 37 GB ndi kanthu pang'ono. Ena amawerenga 1 GB ngati ma byte 1,000,000,000, ena ngati 1,073,741,824, ndipo kusiyana kwakeko ndi pafupifupi 7 pa 100 iliyonse. Choncho rauta ndi kampani zikasiyana pang'ono musathamangire kunola mpeni. Zikasiyana theka lathunthu, pamenepo ndiye pali nkhani.

Ndiye gulani kope la sukulu, la masamba ochepa lomwelo. Madzulo aliwonse, nthawi yofanana, lembani tsiku, nambala ya rauta, ndi data yotsala imene kampani ikusonyeza pa app kapena pa tsamba lawo. Jambulaninso zonse ziwiri pa foni. Ntchito ya mphindi 2. Mphindi 2 zokha, bambo, osati 6 zija munatayira kutilalatira.

Pali msampha umodzi umene kuno kwathu umagwira aliyense. Marauta ambiri otchipa amaiwala manambala akazima. Magetsi akathima masana nkuyakanso, kauntala imayambira pa 0, inu madzulo nkumaona 800 MB, nkumati onani umboni, kampani yadula 9 GB pomwe rauta ikuti 800 MB. Umboni wabodza umenewo, ndipo akakusekani. Pa tsamba lomwelo pamakhala Uptime kapena Connection Time, yosonyeza kuti rauta yakhala ikuyaka kwa maola angati. Ilembeninso. Ikasonyeza maola 3 pomwe inu munawerenga dzulo, dziwani kuti manambala a tsikulo ndi odukiza, aikeni chizindikiro. Ofuna manambala osaduka agule ka UPS kakang'ono ka rauta, kabatire koyatsa rauta magetsi akathima, koma ayambe awerenga pa adaputala ngati ndi ya 12V kapena 9V, chifukwa kulakwitsa pamenepo ndi kuotcha bokosi. Marauta ena akale kauntala yawo imabwerera yokha pa 0 ikadutsa 4.29 GB, ngakhale magetsi asanathime. Yoteroyo siingakuthandizeni kuwerenga za mwezi, mudalire zida zanu chimodzichimodzi.

Tsopano tiwerengere limodzi 100 GB ya bambo aja, poti iwo sanafune. Netflix yokha imanena kuti kanema wa HD amatha kudya mpaka 3 GB pa ola, wa 4K mpaka 7 GB pa ola. TV ya pabalaza ikayaka maola 4 pa tsiku, ana masana, akuluakulu usiku, ndi 12 GB pa tsiku. Masiku 9 ndi 108 GB. Mbava ili kuti apa? Yapachikidwa pakhoma, mainchesi 55, ndipo munaigula nokha. Lowani mu akaunti ya Netflix, pa Playback settings, muike Medium, idzadya pafupifupi 0.7 GB pa ola. Pa YouTube, TV imasankha yokha chithunzi chowala kwambiri chimene laini ingakwanitse, ndiye tsitsani pa 480p kapena 720p, ndipo muzimitse Autoplay. Mwana amagona pa sofa 9 koloko, makatuni nkumadzisewera okha mpaka tambala woyamba, m'mawa bambo nkumati kampani.

Chinanso chimene anthu safuna kumva: laini yothamanga imamaliza bandulo msanga. Liwiro amaligulitsa m'ma Mbps, ma bit mamiliyoni pa sekondi, data amaigulitsa m'ma GB, ndipo ma bit 8 ndiwo byte imodzi. Laini ya 10 Mbps ikatseguka yonse imatulutsa 1.25 MB pa sekondi, 75 MB pa mphindi, 4.5 GB pa ola. Pa liwiro limenelo 100 GB imatha m'maola 22 ndi mphindi zochepa, tsiku silikwana nkomwe. Ndiye munthu akuti masiku 9 ndi zosatheka. Zosatheka bwanji? Mwana mmodzi wa pa Chanco akabwera ndi laputopu kudzatsitsa gemu, Loweruka limodzi lokha ntchito yatha.

Makamera a chitetezo ndiye chiswe chenicheni, amadya mwakachetechete. Kamera imodzi yotumiza zithunzi pa intaneti usana ndi usiku pa liwiro la 1 Mbps yokha imadya 450 MB pa ola, 10.8 GB pa tsiku, 324 GB pa masiku 30. Palibe akuonera kanema, nyumba ili zii, koma nambala ya Sent ikungokwera. Mukaona zotuluka zikupikisana ndi zolowa, yambani ndi kamera, kenako mafoni amene akusunga zithunzi ndi mavidiyo ku Google Photos kapena iCloud. Kamerayo iuzeni isunge pa memori khadi kapena itumize pokhapokha yaona chinthu chikuyenda.

Mafoni nawo ali ndi khalidwe lawo. Foni ikangoona Wi-Fi imaganiza kuti yafika pa ukwati, chakudya nchaulere. Play Store imayamba kukonzanso ma app onse, WhatsApp imatsitsa vidiyo iliyonse ya pa gulu la mpingo, la maliro, la mpira, la banki mkhonde, mufune musafune. Lowani pa WhatsApp, Settings, Storage and data. Pa Network usage muona zimene yadya, ndipo pa Media auto-download, pamene palembedwa za Wi-Fi, chotsani mavidiyo. Pa Samsung pitani ku Settings, Connections, Data usage, Wi-Fi data usage, ikuonetsani app iliyonse ndi zimene yameza. Mafoni ena a Android ali nazo pansi pa Network and internet. iPhone siionetsa za Wi-Fi pa app iliyonse, imaonetsa za data ya SIM yokha, koma pa dzina la Wi-Fi yanu pali Low Data Mode, iyatseni. Pa Windows 10 ndi Settings, Network and Internet, Data usage. Pa Windows 11 zili mkati mwa Advanced network settings, ndipo imasonyeza za masiku 30 apitawa. Pomwepo pa Wi-Fi ya kunyumba yatsani Metered connection kuti kompyuta ichepetse kutsitsa zinthu zazikulu mwakufuna kwake. Zonsezi zili m'manja mwanu momwemo, zaulere, zakhala zikukudikirani chigulireni foniyo.

Kenako werengani anthu. M'rauta muli tsamba la Connected Devices, Client List kapena DHCP Clients. M'nyumba muli mafoni 5, TV ndi laputopu, zida 7, koma mndandanda ukusonyeza 16. Enawo ndi a yani? Kuyambira pa Android 10 foni imene ili kale pa Wi-Fi imatha kuonetsa QR code, mnzake nkujambula, walowa, pasiwedi osaifunsa nkomwe. Mwana wanu anapatsa mnzake mmodzi, mnzakeyo anapatsa a ku boys quarter, pano anyamata amakhala pa mpanda wanu madzulo inu nkumati akucheza. Amene muli ndi mahositelo ku Chikanda mukudziwa zimene ndikunena. Kutchinga foni imodziimodzi nkutaya nthawi, mafoni a masiku ano amatha kusintha MAC address, nambala imene rauta imazindikirira chida chilichonse, nkubweranso ngati achilendo. Sinthani pasiwedi, ikhale yaitali, zilembo zosachepera 12, osati dzina la mwana ndi chaka chobadwa. Chitetezo chikhale WPA2 kapena WPA3, WPS, njira yolowera pa Wi-Fi osalemba pasiwedi, muizimitse. Alendo apatseni Guest Network, ndipo ngati rauta ikulola muichepetsere liwiro.

Mwachita zonsezi koma mukukayikabe kampani? Chabwino, yesani monga timayesera paipi yodontha. Usiku lembani data yotsala. Zimitsani Wi-Fi m'rauta, zulani mawaya onse opita ku TV, kompyuta ndi makamera, musiye chingwe chochokera panja chokha, bokosi likhale loyaka. M'mawa onani yotsala pogwiritsa ntchito data ya pa SIM. Ma MB ochepa akachoka si nkhani, bokosi limalankhulana ndi kampani. Dziwaninso kuti masamba ena amachedwa kusonyeza zimene munagwiritsa ntchito madzulo, choncho dikirani ola limodzi kapena awiri mutazimitsa musanalembe nambala yoyamba, ndipo mubwereze masiku awiri kapena atatu. Mukapeza kuti ma GB akuchoka mipopi yonse ili yotseka, eya, tsopano muli ndi mlandu. Tengani kope lanu ndi zithunzi zija, lembani dandaulo, pemphani nambala ya dandaulolo komanso ndondomeko ya zimene mwagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Akakuzengerezani, MACRA ilipo, imalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito mafoni ndi intaneti. Pamenepo mutiitane pa gulu, tibwera. Koma kutidzutsa m'mawa ndi mawu a mphindi 6 opanda nambala ndi imodzi yomwe, ayi, zimenezo tatopa nazo. Safunsa anadya phula.

Ndipo inu amene mumabwera kudzalumikiza intaneti m'makomo, nanunso musaseke. Mumakhoma bokosi pakhoma, kulemba pasiwedi ya Wi-Fi pa kapepala, kulandira siginecha, ulendo. Pasiwedi yolowera m'rauta mwaisintha, mwini nyumba simunamuuze, kapena mwaisiya admin admin kuti mwana aliyense wa Fomu 2 alowe. Kumuonetsa kasitomala pamene pali manambala ndi mphindi 5, simungakwanitse? Munthu akakufunsani mumati zimenezo ndi za matekinishani. Za matekinishani bwanji pomwe bilu akulipira ndi iyeyo? Mumagulitsanso "unlimited" ndi zilembo zikuluzikulu, pomwe kunsi, m'tizilembo tofuna magalasi, mwalemba kuti akafika pa ma GB akutiakuti liwiro litsika. Munthu akudabwa kuti pa 20 mwezi intaneti ikukwawa ngati nkhono, akuimba foni, inu nkumamuuza kuti azimitse rauta nkuyatsanso. Akazimitsa, ndi manambala ake aja omwe afufutika.