Ku Dublin thandizo lili pakhoma, ku Belfast lili pakamwa

Anzanga a kuno ku Dublin mundikhululukire, lero pa nkhani ya chilankhulo cha Chiairishi ndaima ndi a kumpoto, ku Northern Ireland.

Sabata yatha ndinapita ku ofesi ina kukalongosola mapepala. Pamwamba pa windo panalembedwa kuti "Cabhair", ndiye kuti thandizo m'chilankhulo cha Chiairishi. Mwana wanga amaphunzira chilankhulochi kusukulu, choncho ndinafunsa bambo wa pawindopo katchulidwe kake. Anangoti kakasi, kenako n'kuyankha kuti zimenezo anazisiya kusukulu kalekale. Mwana wobadwira konkuno, tsiku lonse wakhala pansi pa mawu amene sangawatchule! Zinandiwawa ngati chilankhulocho n'changa.

Loweruka lake ndinakwera sitima ya Enterprise kupita ku Belfast, likulu la Northern Ireland. Ndili pa Falls Road, mvula ili waa, ndinasokonezeka ndi mabasi. Gogo wina anandiyandikira n'kunena kuti, "An dtig liom cuidiú leat?" Ataona kuti sindinamve anabwereza m'Chingerezi kuti akufuna kundithandiza. Anandifotokozera kuti kumpoto, ngakhalenso ku Donegal, dera la kumpoto chakumadzulo kwa chilumbachi, amakonda kunena "cuidiú", pomwe "cabhair" imamveka kwambiri kummwera. Anandiperekeza mpaka pa siteji akunyowa nane limodzi.

Chilungamo chake, pa malamulo kummwera kuno, ku Republic of Ireland, kulibe mnzake. Kuyambira 1937 malamulo aakulu a dziko amati Chiairishi ndicho chilankhulo choyamba cha boma. Zikwangwani za pamsewu zili m'zilankhulo ziwiri, apolisi amatchedwa Garda m'Chiairishi, ndipo ana amachiphunzira kuyambira ku pulayimale. Ukangodutsa tauni ya Dundalk n'kuwoloka malire kulowera ku Newry, zonsezo zii, makilomita asanduka mamailosi, mayuro asanduka mapaundi. Kumpotoko lamulo lovomereza chilankhulochi linabwera mu 2022, ndipo siteshoni ya Grand Central ya ku Belfast inatsegulidwa mu 2024 popanda zikwangwani za Chiairishi, mpaka anthu kuchita zionetsero. Izi n'zochititsa manyazi, sindikana.

Koma taonani kalembera wa 2022 kummwera kuno: anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anati amatha kuchiyankhula, koma ochiyankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu anali pafupifupi 72,000 okha. Enawo angochipachika pakhoma ngati kalendala ya chaka chatha. Kumpoto amachita kuchimenyera nkhondo, moti ngakhale kummawa kwa Belfast, kwa Apulotesitanti, Linda Ervine anayambitsa makalasi a Chiairishi otchedwa Turas ndipo anthu amapitako mwa kufuna kwawo.

Nditafika kunyumba ndinamuuza mwana wanga za gogo uja. Tsopano akandipeza ndikuphika amayamba ndi "cuidiú" asanagwire mpeni wa anyezi.