Lamulo la masokosi lingadzuke bwanji mpira uli mkati?

Loweruka ndinachoka pabwalo osatsanzika munthu, ndipo lero ndi Lachiwiri koma mtima wanga sunatsikebe. Ndilankhula pompano, wokwiya akwiye.

Timu yathu ya futsal, mpira wa anthu asanu mbali iliyonse, ya anyamata a cha ku Linthipe, inali ndi mpira wa ligi ku Dedza boma, pabwalo la simenti lija timabwereka kwa a ntchemberembaye. Tinalawirira, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, tinasonkherana ya minibasi, ena anasiya mbatatesi zawo kudimba osathirira. A refu anatipeza titafika kale. Anapereka moni, anaponya ndalama m'mwamba, wezulo n'kulira. Sanayang'ane jezi ya munthu, nsapato ya munthu, ngakhale mwendo wa munthu. Chigawo choyamba chinatha tikutsogola 2-1, ndipo zigoli zonse ziwiri anamwetsa mwana mmodzi wa zaka 17, amene kwawo ngakhale ya sopo imavuta.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, mphunzitsi wa timu imene tinkasewera nayo anapita kukanong'oneza a refu. Nthawi yomweyo wezulo. Mwana uja atuluke. Mlandu wake? Wavala masokosi akuda pamene anzake avala oyera. Masokosi omwewo amene anali nawo poyamba mpira, omwewo amene anali nawo pomwetsa chigoli choyamba, omwewo amene a refu anawaona pamene ankaloza pakati atamwetsa chachiwiri. Mphindi 20 zathunthu masokosiwo analibe mlandu. Anadzapalamula atangoona kuti mwini wake akuvuta kumugwira.

Tinati chabwino, tisakangane. Mnyamata wina amene anali panja anavula oyera ake n'kumupatsa. Mwana anavala, anaima pamzere kudikira kuti amuone. A refu akuti ayi, wotuluka watuluka. Abale anga, zimenezi zalembedwa pati? Lamulo limati wosewera amene sanavale bwino atuluke akakonze, akakonza woyimbira amuone, abwerere. Si khadi yofiira imeneyo. Mwana anakhala pansi pa simenti yozizira ija misozi ili m'maso, mpira n'kutha 4-2, ife n'kubwerera ku Linthipe m'minibasi muli zii.

Musandimve molakwa. Sindikukana lamulo la yunifomu. Timu izivala zofanana, ndikuvomera ndi mtima wonse. Chimene ndikukana ndi lamulo logona, loti limadzuka pokhapokha wina akaligwedeza. Lamulo likhale limodzi kwa tonse, ndipo linenedwe mpira usanayambe. M'mera mpoyamba. Mukanatiuza tisanalowe m'bwalo, masokosi tikanasinthana pomwepo, nkhani n'kutha popanda wolira.

Ndipo popeza a refu maso awo anatseguka mwadzidzidzi, bwanji anatsegukira mbali imodzi? Kutimu inayo kunali munthu wovala jombo za mano, pasimenti! Futsal imaseweredwa ndi nsapato zofewa, zapansi pa mphira, aliyense amadziwa. Jombo zija zinaponda phazi la kaputeni wathu, mpaka lero akutsimphina. Wina anali ndi tcheni m'khosi chikulendewera poyera, pomwe malamulo amaletsa zodzikongoletsera zamtundu uliwonse, mphete, ndolo, zibangili, zonse. Awiri analibe zotchinga pamsongolo, zimene ndi zokakamiza kwa wosewera aliyense. Majezi awo onse ofiira inde, koma ina ya Arsenal, ina ya Liverpool, ina ya Manchester United, ziwiri zili ndi nambala 7 kumsana. Goloboyi wawo atavala mtundu wofanana ndi wathu, moti kawiri konse anyamata athu anamupatsira mpira poyesa ndi mnzawo. Zonsezi a refu sanazione. Anaona masokosi a mwana wa ku Linthipe basi.

Sindikuwanyoza anzathuwo chifukwa cha majezi a pakaunjika. Ifenso athu ndi a pakaunjika, tinachita kusankha limodzilimodzi pamsika mpaka kukwanitsa mtundu umodzi. Tonse ndife osauka m'ligi muno, palibe amene ali ndi kampani yomugulira yunifomu. Ndiye ngati tagwirizana kuti tizikhululukirana chifukwa cha umphawi, tikhululukirane tonse. Ngati tagwirizana kuti tikhwimitse, tikhwimitse kwa tonse. Koma izi zoti wina akhululukidwe jombo zothyola mnzake mwendo, wina alangidwe chifukwa cha mtundu wa nsalu, ayi, ndakana. Masokosi akuda anavulazapo ndani chiyambire?

Inu a komiti, ndikulankhula ndi inu, chifukwa ndinu amene mumatitumizira anthu amenewa. Woyimbira amene amakumbukira lamulo la masokosi koma osadziwa kuwerenga mafaulo, ameneyo ndi woyimbira futsal? Mu futsal mafaulo a timu amawerengedwa chigawo chilichonse. Akakwana asanu, lachisanu ndi chimodzi ndi onse otsatira amapereka firikiki yopanda khoma, yomenyera pa mamita 10, woponya ndi goloboyi basi. Lamulo limeneli ndi limene limateteza ana ang'onoang'ono aluso kwa zimphona zongodziwa kugwetsa. Loweruka ife tinawerenga mafaulo asanu ndi atatu m'chigawo chachiwiri chokha. Titafunsa, a refu akuti akuwerengera mumtima. Mumtima! Analibe pepala, analibe cholembera, panalibe munthu pathebulo. Firikiki ya pa mamita 10 sitinaione ngakhale imodzi. Lamulo lotithandiza ife linali m'tulo, lotipweteka linali maso.

Ndipo si Loweruka lokhali. Sabata ino mpira ukatuluka m'mbali akuti muponye ndi manja ngati mpira waukulu, sabata yamawa wina akuti muuike pamzere mumenye ndi phazi. Chachiwirichi ndiye cholondola, ndipo uli ndi masekondi anayi okha, otsutsana nawe ataima mamita asanu. Koma anyamata adziwa bwanji ngati woyimbira aliyense akubwera ndi malamulo a m'thumba mwake? Mwezi watha timu ina ya cha ku Bembeke munthu wawo atapatsidwa khadi yofiira inasewera anthu anayi mpaka mpira kutha, pomwe lamulo limati pakatha mphindi ziwiri, kapena akawamwetsa chigoli ali operewera, alowetse wina. Anadandaula, palibe anawamva. Ifenso tinangoonerera, tinkati si zathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero chili pa ife.

Ndikudziwa, ena munena kuti oyimbirawa amalandira kangachepe ndipo anaphunzira za mpira wa anthu 11. Zoona. Koma kufoletsa anyamata khumi pamzere n'kuwayang'ana miyendo wezulo asanalire sikufuna ndalama, sikufuna satifiketi. Ndi mphindi ziwiri zokha. Buku la malamulo a futsal la FIFA lili pa intaneti laulere, ndipo foni yomwe mukuwerengera izi ikhoza kulitsitsa. Munthu amene wavomera kugwira wezulo wavomeranso kuliwerenga.

Chinandipweteka kwambiri ndi mawu a mkulu wina wa komiti titamudandaulira pambuyo pa mpira. Akuti, "Achimwene, musatenthe mutu, kameneka ndi kampira kongocheza." Kongocheza? Bambo, ngati ndi kongocheza, ndalama yolembetsera munatilipiritsiranji? Ngati ndi kongocheza, mwana uja munamutulutsiranji? Pofuna kutilanga ndi ligi yeniyeni ya malamulo, pofuna kuyankha madandaulo athu ndi kampira kocheza. Sankhani chimodzi. Mpira umenewu unayamba ku Montevideo, m'dziko la Uruguay, mu 1930, ndipo FIFA yakhala ikuchititsa chikho chake cha dziko lonse kuyambira 1989. Morocco yatenga chikho cha Africa katatu motsatizana, mu 2016, 2020 ndi 2024. Iwowo anafika pamenepo ndi oyimbira owerengera mafaulo mumtima? Ife tikufuna mwana wa ku Dedza tsiku lina adzaoneke kwina, koma tikumuphunzitsa kuti lamulo ndi chibonga chimene wamphamvu amabisa kumsana.

Chimene mwana uja waphunzira Loweruka ndi chimenecho. Sanaphunzire kuti azivala masokosi oyera. Waphunzira kuti ukamasewera bwino anthu akulu amakufunira chifukwa. Dzulo sanabwere kokonzekera. Ndinapita kwawo madzulo, mayi ake akuti wangokhala m'nyumba, akuti mpira wausiya. Mayi amenewa ndi amene anamugulira masokosi akudawo atagulitsa tomato pamsewu, chifukwa oyera sanawapeze tsiku limenelo. Ndiwayankhe chiyani? Ndiwauze kuti mwana wawo analakwa? Analakwa chiyani chimene wa jombo uja sanalakwe kuposa?

Ndipo tisanamizane, tonse tikudziwa chifukwa chake madandaulo safika patali. Woyimbira ndi mlamu wa wina wa m'komiti, wa m'komitiyo ndi amenenso ali ndi timu m'ligi momwemo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kalata yodandaula ukaipereka imakathera m'manja mwa munthu yemwe ukumudandaulayo. Ine sindikunena kuti wina anadya ndalama, sindinaone. Ndikunena zimene ndinaona ndi maso anga: kunong'onezana, wezulo, mwana panja. Ngati zinali zoyera, bwanji mphunzitsi uja sananene mokweza mpira usanayambe, tonse tikumva? Anaona masokosiwo kuyambira pachiyambi. Anasunga. Anadikira aone kaye ngati mpira ukumuyendera. Ndipo woyimbira amene amalola kugwiritsidwa ntchito chotero wasiya kukhala woyimbira, wasanduka wosewera wachisanu ndi chimodzi wa timu inayo.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Lembani pepala limodzi, m'Chichewa, lonena zovala zimene ligi ino ikufuna ndi zimene tikukhululukirana chifukwa cha mavuto athu. Timu iliyonse ilandire, kuyambira ku Chimbiya mpaka ku Lizulu ngati afuna kulowa nawo. Woyimbira aziyang'ana onse asanayambe, makaputeni awiri ali pomwepo. Wezulo woyamba akalira, nkhani ya mtundu wa masokosi yatha, isadzukenso. Chokhacho choimitsira mpira chikhale chinthu choti chivulaza munthu. Ndipo pathebulo pakhale munthu, ngakhale mphunzitsi wa pasukulu wongodzipereka, wolemba mafaulo poyera kuti aliyense aziona. Mpira weniweni wa futsal umakhala ndi oyimbira awiri m'bwalo, wachitatu ndi wosunga nthawi panja. Ife sitingakwanitse anayi, ndikudziwa, koma mmodzi wopanda ngakhale cholembera ndiye kutinyoza.

Komanso pali nkhani ya mpira umene tikusewerera. Futsal ili ndi mpira wake, saizi 4, wosadumphadumpha. Ife chiyambire ligi tikumenya saizi 5 pasimenti, umangonjanja ngati chule, theka la nthawi timathera kukautola kuseri kwa mpanda, wotchi ikuyenda osaima. Pamsonkhano woyamba munatiuza kuti ndalama yolembetsera igula mipira iwiri ya futsal ndi mabibu, timalaya tovala pamwamba pa jezi, amene malamulo amafuna kuti osewera okhala panja azivala. Matimu onse tinapereka. Ligi yafika pakati. Mabibuwo ali kuti? Mipirayo ili kuti?