Mukufunabe nyale kuseri kwa chinsalu?

Dzulo ndinaika pa Facebook chithunzi cha mtsinje usiku, mwezi ukuwala mobiriwira pamadzi, tinyumba takugombe tili mumdima. Sipanathe mphindi khumi, bambo wina amene sindimudziwa n'komwe analemba kuti, "Musatipusitse, iyi ndi AI." Kutanthauza kuti chinapangidwa ndi kompyuta. Mnzake n'kubwera kudzavomereza, ati dzanja la munthu silingatulutse kuwala kotere. Aaa! Ndinapsa mtima moti nsima yamadzulo sinatsike bwino.

Abale, chithunzichi n'cha 1880. AI yake iti? Anachijambula ndi burashi ndi utoto ndi Arkhip Kuindzhi, mwana wa ku Mariupol ku Ukraine, ndipo mtsinjewo ndi Dnipro. Chondiwawa kwambiri n'chakuti bamboyu sananene zachilendo. Chaka chomwecho, Kuindzhi atachionetsa ku St Petersburg, chokhachokha m'chipinda chotseka mazenera, anthu anaima pamzere mpaka pamsewu. Nyale younikira inali kutsogolo. Koma ena ankasuzumirabe kuseri kwa chinsalu kufuna ina yobisika. Zaka zoposa 140 zadutsa, matenda ndi omwewo!

Munthu akachita chinthu chokoma, bwanji timayamba ndi kufunafuna pomwe wabera? Kungonena kuti "wagwira ntchito" kumatitsamwa pakhosi. Wolemera ndiye kuti ali ndi zizimba, wokhoza mayeso anaonera, wojambula bwino wathandizidwa ndi kompyuta. Kaya ndi kaduka kaya ulesi woganiza, zanu izo. Ine ndikuti thukuta la munthu musamalipatse makina.

Mukudziwa komwe anachokera Kuindzhi? Bambo ake anali wosoka nsapato wosauka, wa mtundu wa Agiriki. Makolo onse anamwalira iye akadali kamwana. Anawetapo atsekwe, anawerengapo njerwa pamalo pomwe ankamanga tchalitchi. Atapita ku Feodosia kwa Ivan Aivazovsky, katswiri wojambula nyanja, poganiza kuti akaphunzira luso, ntchito yomwe anamupatsa inali yosakaniza utoto basi. Kenako zaka n'kumakonza zithunzi za anthu m'masitudiyo kuti apeze chakudya. Ndiye munthu wadutsa monsemo, maso atafiira ndi kuyang'ana mmene mwezi umagwera pamadzi, inu mwakhala pa sofa ndi bandulo ya tsiku limodzi n'kumati ndi AI. Kanthu n'khama, Phiri anakwatira mzungu.

Umboni wina ndi uwu, poti mumakonda umboni. Chithunzichi anachigula ndi Konstantin Konstantinovich, wa kubanja lachifumu la ku Russia, n'kukwera nacho sitima paulendo wautali wapanyanja. Utoto wake unali ndi phula, ndipo ndi mphepo yamchere ija chinayamba kuda. Chomwe mukuti n'chowala mopitirira muyesocho n'chozilala kale, anthu a 1880 anaona choposa pamenepa. Makina anu aja amada ndi mchere wa m'nyanja?

Ndipo Kuindzhi mwini wake sanali wosusukira kutchuka ngati ife. Mu 1882, dzina lili pakamwa pa aliyense, analeka kuonetsa ntchito zake pagulu kwa zaka pafupifupi 20, akujambulabe chitseko chili chotseka. Anaphunzitsa pa sukulu yaikulu ya zaluso ku St Petersburg, ophunzira ake ena ndi Nicholas Roerich, ndipo mu 1897 anamuchotsa ntchito chifukwa choikira kumbuyo ophunzira amene ankachita zionetsero. Ndalama zake zambiri anazipereka kuti zithandize ojambula achinyamata, masana n'kumadyetsa nkhunda padenga. Anamwalira mu 1910. Munthu wotereyu mukumutcha wachinyengo musanafunse ndi dzina lake lomwe.

Chinanso chikundinyansa. Mu Malichi 2022, pa nkhondo ya Russia ndi Ukraine, bomba linaphwanya nyumba yosungira zaluso ya dzina lake ku Mariupol, ndipo zithunzi zake zenizeni zomwe zinabisidwa zinatengedwa kupita ku Donetsk. Zimenezo ndinazilembanso pansi pa chithunzi chija. Bambo wa AI uja sanayankhepo ngakhale liwu limodzi, anali atapita kale kukatukwana za mpira.