Mphutsi za mumgodi wa ku Japan zimaopsa kuposa chiswamphika cha ku America

Inu okonda mafilimu akale a zilombo, a m'zaka za m'ma 1950 aja, senderani pafupi tikanganeko pang'ono. Pa mafilimu onse onena za tizilombo ta makedzana timene tadzuka n'kuyamba kudya anthu, ine ndimaika Rodan ya 1956 patsogolo, ngakhale tizilombo take timangooneka kumayambiriro kokha. The Deadly Mantis, imene ambiri amathamangira kuitchula, ndimaiika kumbuyo kwenikweni.

Wina afunsa kale kuti nanga Them! ya 1954 bwanji. Imeneyo ndi filimu yabwino, palibe angatsutse. Kamtsikana kongoyenda kakasi m'chipululu osayankhula, sitolo yogumulidwa koma ndalama zili momwemo, shuga ali mbwee pansi, zonsezo zimaumitsa thupi mpaka lero. Koma nyerere zake si zamakedzana. Zinakula chifukwa cha bomba la atomiki limene analiphulitsa koyamba ku New Mexico mu 1945, ndipo filimuyo sibisa kuti mlandu ndi wa anthu. Choncho ili m'gulu lina.

The Deadly Mantis ya 1957, imene anatsogolera Nathan Juran, imayamba ndi mapu. Phiri laphulika kum'mwera kwa dziko, madzi oundana asweka ku Arctic, chiswamphika chimene chinauma m'menemo kalekale chamasuka. Ukuyembekezera chilombo, koma akukupatsa phunziro lalitali la mizere ya radar imene America ndi Canada anamanga kumpoto podikira ndege za Soviet Union, makamaka DEW Line imene inayamba kugwira ntchito chaka chomwecho. Tayang'anani njira imene chiswamphikacho chikudutsa: chichokera kumpoto, chidutsa pa radar, chikulira ngati ndege yonyamula mabomba, chifika ku Washington n'kukwera chipilala cha Washington Monument, kenako chikafera mumsewu wapansi ku New York asilikali atachithira mankhwala. Ndege ya adani yovala miyendo 6, basi. Palibe munthu wolakwa m'nkhani yonseyo, palibe amene mtima ukumuwawa, ndipo zithunzi zambiri za ndege ndi asilikali anangozitola m'nkhokwe n'kuzilumikiza. Ukamaliza kuonera umakhala ngati waonera uthenga wolemba anthu ntchito ya usilikali.

The Black Scorpion ya chaka chomwecho ndimaikhululukira zambiri, chifukwa ntchito yoyendetsa zinkhanira zake anaiyang'anira Willis O'Brien, mkulu amene anapatsa moyo King Kong mu 1933, ndipo pamene zikugwetsa sitima ya pamtunda ku Mexico pamakoma kwabasi. Koma chinkhanira chili ndi miyendo 8, ndi m'bale wa kangaude, choncho nachonso chili m'gulu lina. Za Beginning of the End, imene ziwala zenizeni zimayenda pa zithunzi za nyumba za ku Chicago, tisatayepo nthawi. Kwathu kuno munthu akaona ziwala zonenepa choncho amayamba kufunsa komwe kuli mchere.

Tsono Rodan. Ishiro Honda, amene anatsogolera filimuyi, anaika nkhani yake m'mudzi wa anthu okumba malasha pachilumba cha Kyushu, pafupi ndi phiri la Aso. Anthu awiri a mumgodi, Goro ndi Yoshizo, akangana asanatsike pansi. Madzi asefukira m'mgodimo, Yoshizo apezeka atafa ndi mabala ngati a chida chakuthwa, Goro sakuoneka. Mudzi wonse wagamula kale kuti wapha mnzake. Mlongo wake wa Goro, Kiyo, ndiye akusenza manyazi, akazi anzake akumuloza chala, wamasiye akufuna kukamulalatira pakhomo. Wapolisi ndi anthu ena alowa kukasaka Goro, nawonso aphedwa. Mpaka apa palibe chilombo chaoneka, pali mdima, madzi ofika m'chiuno, nyali za pachipewa ndi kaphokoso kena kosadziwika kochokera mkati. Mantha ake ndi a anthu osauka amene mawa lake ayenera kutsikanso m'dzenje lomwelo chifukwa ndi mmene amapezera chakudya. Amene agogo awo anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela sakufunika kuwafotokozera zimenezi.

Kenako chilombocho chilowa m'nyumba ya Kiyo usiku, pamene iye akulira ndipo Shigeru, injiniya wa pamgodi, akumutonthoza. Ndi Meganulon, mphutsi ya tombolombo wa makedzana, yokhala ndi zikhadabo ngati za nkhanu. Inde, ukayang'anitsitsa umaona kuti muli anthu mkati mwake. Ine zimenezo sizindivuta, chifukwa pofika pamenepo ndimakhala nditagwidwa kale ndi nkhani ya Goro, amene mtembo wake upezeka pambuyo pake, munthu wosalakwa.

Dzina la Meganulon analitenga ku chinthu chenicheni. Meganeura anali wachibale wa tombolombo amene anakhalako zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, mapiko ake akatambasula ankafika masentimita pafupifupi 70. Zotsalira zake zinapezeka ku Commentry ku France mu 1880, m'dera la migodi ya malasha, ndipo Charles Brongniart anamupatsa dzinalo mu 1885. Malasha ambiri a padziko anachokera ku nkhalango za nyengo imeneyo, choncho kuika kachilomboka mumgodi kuli ndi nzeru kuposa kuumitsa chiswamphika ku Arctic. Za kukula kwake ndiye bodza la mafilimu onsewa. Tizilombo tilibe mapapo, timapuma kudzera m'timachubu tolowa m'thupi kuchokera m'mbali, ndipo thupi likakula kwambiri mpweya sufika mkati. Asayansi ambiri amati Meganeura anatha kukula chotero chifukwa okosijeni mumpweya anali wochuluka, mwina kupitirira 30 peresenti pamene lero ali pa 21. Chiswamphika cha mamita 60 chikanabanika chisanatambasule ndi phiko lomwe.

Pamene filimuyi imandimaliza ndi apa. Shigeru atsekeredwa mumgodi denga litagwa, apezeka patapita nthawi atasokonezeka mutu, sakukumbukira kanthu, ngakhale Kiyo amene. Tsiku lina Kiyo amuonetsa mazira a mbalame yake yoweta akuswa, ndipo zonse zimubwerera: phanga lalikulu pansi pa nthaka, mphutsi zija zili ponseponse, dzira lalikulu likusweka, mwanapiye wa Rodan, chilombo chachikulu chouluka chimene filimuyi inatengera dzina, atuluka n'kuyamba kuzitola imodziimodzi ngati nkhuku pa chiswe. Chinthu chimene chapha amuna onse aja, chimene mfuti za apolisi zinachilephera, n'chakudya cha khanda chabe. Sindikudziwa filimu ya ku America ya nthawi imeneyo imene inachita zotere ndi chilombo chake.

Chimene ndimadandaula n'choti kuchokera pamenepo mgodi uiwalika. Nkhani isanduka ya ndege zothamangitsana ndi Rodan, mzinda wa Fukuoka kugumuka ndi mphepo ya mapiko, ndi mabomba pa phiri la Aso. Ntchito ya Eiji Tsuburaya, katswiri wa zithunzi za zilombo, pa timanyumba toyerekezera mzindawo ndi yaluso, koma mudzi wa Goro sulinso pakati pa nkhani. Mukaifuna, sakani ya Chijapani yokhala ndi mawu olembedwa pansi. Imene anaitulutsa ku America mu 1957 anaidula, n'kuikamo zithunzi za mabomba a atomiki koyambirira ndi mawu a Shigeru ofotokoza chilichonse, ngakhale pamene pakufunika kuti munthu angomva madzi akudontha mumdima.