Batire la galimoto yamagetsi: timizere 12 tidawapusitsa alamu anga

Nkhaniyi ndakhala nayo phee kwa milungu ingapo poti ikukhudza alamu anga. Koma dzulo eni ake andiuza kuti, "Lembani alamu, ena asagwere m'dzenje lomweli." Ndiye nayi.

Alamu anga a ku Dzivarasekwa adagula Nissan Leaf ya 2015, yochokera ku Japan monga galimoto zambiri zomwe zadzaza misewu ya Harare muno. Tsiku lomwe adabwera nayo kwathu ku Mufakose, ana a mumzere wonse adaiunjirira, kudabwa galimoto yoyenda ngati mphaka, osamveka ndi pang'ono pomwe. Penti yonyezimira, mipando yosang'ambika, makilomita ochepa. Koma chidawakopa kwambiri ndi timizere 12 ta pa dashibodi tosonyeza thanzi la batire, tonse tili chilili. Wogulitsa adachita kuloza ndi chala: "Mukuona bwana? Batire likadali lanyuwani." Isanathe miyezi iwiri kamzere kamodzi kadasowa. Kenako kachiwiri. Kenako kachitatu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ambirife timasokoneza zinthu ziwiri. Tonse m'makomboni muno timadziwa kutunga madzi pa mjigo. Tengani chigubu cha malita 20 chomwe chidapondedwa ndi ngolo n'kutifuka m'mimba. Mukachidzaza, madzi afika pakamwa ndithu, ndipo simunama mukati chadzadza. Koma mwalowa malita 14 okha. Peresenti imene mumaona mukatchaja ikungonena kuti chigubu chadzadza. Funso la munthu wofuna kugula ndi lina: chigubucho chimalowa zingati masiku ano? Ichi ndicho amachitcha SOH, kutanthauza thanzi la batire, ndipo mtengo weniweni wa galimotoyo wagona pamenepo.

Tsono vuto ndi loti batire sungalisuzumire ngati thanki ya petulo. Mulibe choyandama chosonyeza pomwe mphamvu yalekeza. Muli kakompyuta, BMS, komwe kamawerengera magetsi olowa ndi otuluka, kuyang'ana mavoti ndi kutentha, kenako n'kuyerekeza. Ndi kuyerekeza basi, ndipo woyerekeza amaphonya. Ngakhale a Nissan eni ake mu 2018 adatulutsa pulogalamu yokonza kawerengedwe ka mabatire a 30 kWh (kWh ndi muyeso wa magetsi omwe batire limasunga), chifukwa kakompyutako kankanena kuti batire latha kuposa mmene lidatheradi. Choopsa n'chakuti munthu wokhala ndi makina oyenera atha kukafufutira kakompyutaka zonse zomwe kadaphunzira. Akatero timizere timabwerera tonse 12, ndiye pakapita milungu kakompyuta kaphunziranso, timizere n'kuyamba kuthothoka ngati mano a nkhalamba. Ine sindingaloze chala kuti adachita zimenezi pa galimoto ya alamu ndi uje, poti idadutsa m'manja ambiri isanafike kuno. Koma batire silikalamba zaka zingapo m'miyezi iwiri.

Timizereto tokha si tofanana kukula. Koyamba kamasowa batire likatsika kufika pa 85 peresenti, ndiye kuti kamodzi kokhako kamabisa 15. Totsatirato n'ta pafupifupi 6 peresenti kalikonse. Galimoto ya timizere 12 itha kukhala pa 99 kapena pa 86, dashibodi sikuuzani. Ya timizere 9 ili cha m'ma 70. Nambala ya pa dashibodi yosonyeza makilomita otsala ndiye musaiwerengere n'komwe. Imangotengera mmene mwayendetsera posachedwapa, moti mukatsetsereka imakulonjezani kumwamba, mukayatsa eyakoni n'kukwera chitunda imabweza mawu.

Enanso amakhulupirira makilomita ochepa ngati mmene timachitira ndi galimoto za petulo. Batire limakalamba ngakhale galimoto itangoima pagalaja. Adani ake akulu ndi zaka, kutentha, kukhala lodzadza 100 peresenti masiku ambiri osagwiritsidwa ntchito, komanso kulitchaja mothamanga pafupipafupi lili lotentha kale. Leaf ya zaka zimenezi ilibe madzi oziziritsa batire monga galimoto zina zamagetsi, n'chifukwa chake mu 2012 eni magalimotowa ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona, adadandaula kwambiri kuti timizere tikutha msanga. Ife mwayi wathu ndi woti Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500, si ng'anjo ngati Beitbridge kapena Kariba, kaya kumudzi ku Nsanje. Komabe dzuwa la Okutobala pa phula si la masewera. Ndipo kuzimazima kwa magetsi kwatiphunzitsa khalidwe lina: akangoyaka, timathamangira kudzaza chilichonse mpaka pakamwa, poti sitidziwa adzabwera liti. Kwa amene mawa ali ndi ulendo palibe cholakwika. Kwa amene galimoto ikhala pabwalo sabata yonse, 80 peresenti ikwanira.

Nanga tidayeza bwanji? Ndi mita ya magetsi ya m'nyumba, yomweyi timaithira mayunitsi. Yuniti imodzi ndi kWh imodzi, palibe matsenga. Loweruka madzulo tidazungulira nayo pafupi ndi nyumba mpaka pa dashibodi padayaka kachithunzi ka kamba, kosonyeza kuti mphamvu yatheratu, n'kuilowetsa pageti ikukwawa. Magetsi atabwera cha m'ma 10 usiku tidazimitsa zonse, giza, wailesi, ngakhale firiji. Mlongo wanga adaima pakhomo la khitchini manja m'chiuno: "Achimwene, nyama yanga ikaonongeka mugula ndinu." Ndidalemba nambala ya pa mita pa chikatoni cha sopo, tidalumikiza chingwe, n'kukagona. Kutacha, galimoto itadzadza, mita idali itadya mayunitsi 17.

Batire la 24 kWh, ngati la galimoto ya alamu, likakhala latsopano limakupatsani pafupifupi 21 kapena 22 ogwiritsa ntchito, chifukwa ena kakompyuta kamasunga poteteza batire. Onjezani omwe amatayika ngati kutentha potchaja, mupeza kuti pa mita payenera kuchoka mayunitsi cha m'ma 24. Ife tidapeza 17. Gawani nokha, mupeza 70 peresenti kapena kuposera pang'ono, zogwirizana ndi timizere 9 tomwe tidatsala. Kuyeza kumeneku si kwa mu labotale, kutha kuphonya pang'ono, koma mita ya m'nyumba mwanu wogulitsa sangaifufute.

Ngati wogulitsa akukana kuti mugone nayo, pali njira zina. Kachipangizo kotsika mtengo kolowetsa pa soketi yotchedwa OBD pansi pa chiwongolero, pamodzi ndi pulogalamu ya LeafSpy pa foni, kamaonetsa SOH, kangati galimotoyo idatchajidwa mothamanga, ndi mavoti a magulu 96 a maselo (tizigawo topanga batire) lililonse palokha. SOH imeneyo ikuchokerabe kwa kakompyuta komwe kaja, choncho musaime pomwepo. Yang'anani maselo batire lili pafupi kutha. Gulu limodzi likatsikiratu pansi kusiya anzake, dziwani kuti ndilo lidzakuimitsani panjira, pakuti batire lonse limayendera liwiro la selo lofooka. Kenako itulutseni pa msewu wa ku Bulawayo, muyende makilomita 20 kapena 30 pa liwiro la pamsewu waukulu, muone peresenti yomwe yatsika. Kuzungulira mudadada umodzi mu taundi sikuonetsa kanthu. Chokhacho musayerekeze kutsegula batire lenilenilo ndi sipanala, muli mavoti oposa 350.

Zimandiseketsa pena kuti miyala ya lithium ikukumbidwa pa Bikita ndi pa Arcadia ku Goromonzi pompa, koma ife timalandira mabatire ake atatopa kale ndi misewu ya eni. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Anzanga ena pa WhatsApp adayamba kale kuseka kuti galimoto zamagetsi n'zachabechabe. Ine sindivomereza. Batire la 70 peresenti silinafe. Likupatsabe makilomita 90 mpaka 100 poyenda m'tauni, ndipo alamu kuchoka ku Dzivarasekwa kupita kuntchito m'tauni n'kubwerera satha ngakhale theka. Akapita kogulitsira petulo ndiye kuti akukapopa matayala. Chomwe chimandiwawa ndi ndalama: adalipira mtengo wa chigubu cha malita 20 n'kupatsidwa cha 14. Akadayeza asanapereke, akadaigulabe, koma pa mtengo wina.

Pano chikatoni cha sopo chija chili m'galimoto, ndipo tagwirizana kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi tidzayezanso, tione ngati 17 uja akugwa mofulumira kapena pang'onopang'ono. Ku Marondera kokaona agogo, makilomita oposa 140 kupita ndi kubwera, alamu akukwerabe kombi.