Nyumba ya makoma a chamba, ine ndikuona chonchi

Anthu akangomva zoti kuli nyumba zomangidwa ndi chamba amayamba kuseka, eti ikadzapsa Epworth yonse, dera la m'mphepete mwa Harare, idzaledzera ndi utsi. Ayi abale, ichi ndi chamba cha mafakitale, hemp, chosaledzeretsa, ndipo kuno ku Zimbabwe malamulo olimira anatuluka mu 2020, chaka chomwecho kwathu ku Malawi nakonso analoleza. Amatenga mtima wa phesi lake, kuuphwanya tizidutswa, kusakaniza ndi laimu ndi madzi, kenako kutsendera pakati pa matabwa awiri mpaka khoma kukwera. Amene munakulira kumudzi mwakumbukira nyumba ya mdindo eti? Maganizo ake ndi omwewo. Anayamba ndi a ku France cha m'ma 1980 pokonza nyumba zawo zakale zamitengo, masiku ano ku Cape Town kuli chinyumba cha nsanjika 12 pa Harrington Street chomwe makoma ake ndi a zimenezi.

Ubwino ulipo, sindikana. Khoma lake limasunga kutentha, ndiye ganizirani June wa ku Harare kuno m'nyumba zathu za ku Mbare ndi Mufakose, ana kugona atavala majuzi awiri kuwonjezera bulangete, khoma la nyumbazo mukalikhudza mano kuchita kulumana. Khoma la chamba limapumanso, chinyezi sichikhalitsa, chuku sichimera kuseri kwa wadiropu, moto nawo suligwira msanga. Komanso sitiwotcha nkhuni ngati mmene timathera mitengo pa uvuni wa njerwa.

Koma vuto langa ndi ili, ife timamanga bwanji? Mwezi uno wagula njerwa 1000 waziunjika pa sitandi, wadikira, wapeza kaganyu wagula matumba a simenti, khoma lafika pa windo basi ndalama yapita ku fizi kapena kwagwa maliro kumudzi, nyumba yaima choncho mvula kuivumba zaka ziwiri zitatu yopanda denga ndipo njerwa zimapirira. Khoma la chamba silingapirire zimenezo. Silinyamula denga palokha, pamafunika kaye felemu ya mitengo yolimba yothira mankhwala a chiswe, malata akhale pamwamba, khomalo likhale pa maziko okwera lisamamwe madzi apansi, ndipo limatenga masabata angapo kuti liume musanapake pulasitala, wa laimunso osati wa simenti. Zonsezi zikufuna ndalama pakamodzi, ndipo ndalama ya pakamodzi ndi imene ambirife tilibe.

Ndiye musandiuze kuti ndi nyumba ya amphawi chifukwa choti ndi mbewu ya m'munda. Mlimi atha kulima, koma makina osenda mapesi ali kuti, bilidala wodziwa muyezo wa laimu ali kuti, nanga pulani yake a khonsolo aidinda mosavuta? Ine ndikanakonda wina ayambe kuumba mabuloko ake ouma kale, tizigula khumi khumi nkumasunga m'shedi. Zikatero ndidzayesa kachipinda kamodzi ka ana kuseri, osati nyumba yonse.