Chenjezo kwa makolo ndi aphunzitsi amene akukwapula ana ochedwa kugwira maphunziro

Msinkhu wanga sukundilola kukhala chete pa khalidwe limene ndikuliona m'midzi ndi m'matauni mwathu. Mwana akabwereza Sitandade 2 kawiri kapena katatu, bambo amathyola chikwapu, mayi amamutcha chitsiru pamaso pa abale ake, ndipo anansi amayamba kunong'onezana kuti makolo anamukhwimira kuti malonda awo aziyenda. Nonsenu, lekani zimenezi.

Pali ana amene ali ndi ulumali wa mu ubongo, umene umachedwetsa kuyankhula, kuganiza, kukumbukira ndiponso kudzisamalira. Ena anabanika pobadwa moti anachedwa kulira, ena anadwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi ali aang'ono, ena mayi awo ankamwa kachasu ali oyembekezera kapena ankasowa ayodini m'thupi, ndipo ena anabadwa ndi ulumali wotchedwa Down syndrome, umene subwera chifukwa cha kulakwa kwa munthu aliyense. Chondipweteka mtima n'chakuti makolo ena amene anazengereza masiku awiri mwana akutentha thupi n'kumakomoka, akuyendayenda kwa asing'anga m'malo mothamangira kuchipatala, ndi omwewo amene lero akumumenya chifukwa cholephera masamu.

Mnansi wanga ali ndi mdzukulu wa zaka 11. Ndinamuona tsiku lina atakhala pakhonde, akuwerenga zitsekerero za mabotolo mpaka zisanu, nkhope ili mwee, koma kutacha anali ataiwala zonse. Agogo ake sanakalipe. Anatolanso zitsekererozo n'kuyambira pa chimodzi, tsiku ndi tsiku, ndipo lero mnyamatayo amatumidwa kukagula tomato pamsika, chenje n'kubwera nacho chokwanira. Umo ndi mmene ana amenewa amaphunzirira: chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chogwirika ndi manja, chobwerezedwa kambirimbiri, mwa mawu ochepa. Chikwapu chimangomuphunzitsa kuopa sukulu, ndipo mwana wamantha amaiwala ngakhale zochepa zimene anazigwira.

Aphunzitsi, tikudziwa kuti kalasi ya ana oposa 100 ndi yolemetsa, koma zimenezo sizikupatsani ufulu womukhazika mwanayu kumbuyo kwenikweni, kapena wouza anzake kuti amuwowoze akalakwitsa yankho. Kuyambira mu 2012, malamulo a dziko lino amaletsa kumana munthu maphunziro chifukwa cha ulumali, ndipo koleji ya Montfort ku Chiradzulu imaphunzitsa aphunzitsi odziwa kuthandiza ana otere.

Makolo, tengani buku la kuchipatala la mwana wanu mupite naye akamuunike, chifukwa nthawi zina vuto limakhala la makutu, la maso kapena khunyu, zimene zili ndi chithandizo chake. Mukatero, kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu, mumufunse kumene kuli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera m'dera lanu. Ndipo inu amene mumatsekera mwana kuchipinda alendo akabwera, kapena kumusiya yekha pakhomo tsiku lonse, makamaka wamkazi, dziwani kuti anthu ogwirira ana amasakasaka otere, podziwa kuti mwanayo adzavutika kufotokoza zimene zamuchitikira.